Nkhoswe ya Mdzukulu wa Tenanti

Chizungu ine sindichidziwa. Ndimadziwa shuga, ndimadziwa sopo, ndimadziwa feteleza, ndipo ndimadziwa tenanti. Zinazo ndimachita kugula ku golosale. Lomalizali sindinagule, anandipatsa ulere, ndipo ndalisenza kuyambira ndili ndi mano onse mpaka lero pamene m'kamwa muli mipata yodutsa mphepo.

Mdzukulu wanga wamkazi, amene anafika fomu folo, anandiuza kuti m'buku liwu limeneli lilibe fungo. Ati tenanti ndi munthu wokhala pamalo a mwini, basi, kaya ndi nyumba kaya ndi munda. Ndinamuyankha kuti buku limenelo ku Mchinji kuno silinafike. Kuno liwuli limanunkha, ndipo amene analinunkhitsa ndi anthu, anthu opemphera, anthu omwe timaimba nawo limodzi Lamulungu.

Mwana akadya mothamanga, amake amati ukudya ngati tenanti. Munthu akavala malaya ong'ambika paphewa, ati wavala chitenanti. Mbale ikasowa pamaliro, maso onse amabwera kwa ife. Ndipo satukwana nalo mokweza ayi, likanakhala lokweza bwenzi tikuyankha. Amalitchula motsitsa, mlomo wam'munsi utagwa pang'ono, maso akudutsa pamwamba pa mutu wako ngati akufunafuna munthu weniweni amene waima kumbuyo kwako. Ukacheuka, kulibe munthu. Ndiwe wekha, ndipo wachepa.

Ndinabwera pa lole kuchokera ku Phalombe, ndili mtsikana, mwana kumsana, mwamuna pambali, mphasa ndi ndowa pamiyendo. Kwathu minda inatha, ana a mayi mmodzi tinkalimbirana kamunda kongokwana kuyalapo zovala. Atabwera anthu olemba ntchito ya fodya, ati ku Mchinji kuli nthaka, kuli phoso, kuli nyumba, tinakwera tikuimba. Masiku amenewo tenanti linali dzina la ntchito chabe, ngati telala, ngati kalipentala. Ndinkalitchula ndekha osamva kuwawa.

Tinatunga madzi a nazale mpaka khosi kulowa m'mapewa. Tinaokera, tinapalira, tinathyola, tinasoka. Kusoka fodya ndiye kunali kwanga. Ndinkakhala pansi m'chigafa, masamba mbali iyi, chingwe mbali iyo, manja akuda bii ndi utomoni, ine kuimba, amayi anzanga kuvomera, amuna kupachika pa mikangala. Fodya uja ankapita ku Lilongwe atavala bwino m'mabelo, ife kutsala titavala masaka. Ndikamaona nyumba zamalata za eni esiteti, ndimadziwa msana umene unazimanga. Koma zimenezo ndinazimeza kale. Chimene sichimezeka ndi ichi chikubwerachi.

Amuna anga anadwala chifuwa, anatsokomola dzinja lonse, namwalira fodya ali m'chigafa. Tinatuma uthenga kumudzi woyandikana ndi esiteti kupempha malo kumanda. Yankho linabwera loti manda awo ndi a eni nthaka, tenanti akaikidwe kwawo. Kwawo kuti, lole yake iti, mtembo uli pamphasa? Mwini esiteti anatiloza ngodya ya kuseri kwa mitengo ya bulugamu, kumene thirakitala sinkafika. Kumeneko ndiko tinayamba manda athu, ndipo woyamba kugonako anali wanga.

Amene anayamba kukumba anali bambo wina wamtali wa ku Ntcheu, amene khomo lake linkayang'anana ndi lathu. Sanali m'bale wanga, ngakhale chilankhulo cha makolo athu chinali chosiyana. Anakumba, anasambitsa mtembo, anagumula chitseko cha nyumba yake kuti tipeze matabwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinamutcha achimwene, iwo kunditcha mlongo wanga. Pa esiteti tinkatero. Wa ku Thyolo ankakhala malume wa mwana wa ku Dedza, wa ku Nsanje ankakhala azakhali a mwana wa ku Ntcheu. Ubale tinkachita kuumba ndi manja ngati njerwa, chifukwa wobadwa nawo unatsala kutali. Mwana wanga wamkazi atakula n'kupeza banja, nkhoswe yake anali achimwene omwewo. Atamwalira mwanayo m'zaka zija za matenda amene anatha anthu, mwamuna wake atatsogola kale, anamuika ndi iwo omwe, pafupi ndi bambo ake. Anandisiyira kamtsikana kakang'ono, ndiye mdzukulu wangayu.

Fodya atagwa mtengo, esiteti inagulitsidwa, mwini watsopano anafuna soya ndi makina, ife anatiuza kuti tizipita kwathu. Ndinayesa. Ndinafika ku Phalombe ndi mdzukulu wanga pamanja, ndinapeza amayi kulibe, alongo anga kulibe, kamunda kaja kali ndi ana amene sankandidziwa. Anandipatsa mpando, ananditcha alendo a ku Mchinji, anandifunsa tsiku lobwerera ndisanamalize kumwa madzi. Ndinabwerera. Mayi wina wa ku tchalitchi anandipezera kamalo kumapeto kwa mudzi wawo kuno kwa Mavwere, ndinamanga, ndinabzala mango, mangowo akula mpaka ana a eni mudzi amathyoka nawo manja. Koma ukafunsa njira ya kwanga lero lino, akuuza kuti pitani kumapeto uko, kwa agogo atenanti.

Anzanga a pa esiteti anamwazikana chimodzimodzi, wina mudzi uwu, wina mudzi uwo, aliyense kumapeto. Koma chinthu chimodzi sitinasiye. Chaka chilichonse udzu ukauma, mvula isanagwe, timakumana ndi makasu kukalambula manda athu kuseri kwa bulugamu. Tikamaliza timakadya kwa mmodzi wa ife, chaka chino kwa uyu, chaka chamawa kwa uyo. Palibe amatikumbutsa. Mphepo ikangoyamba kuzunguza fumbi, aliyense amanola khasu.

Mdzukulu wanga ndinamuphunzitsa singano ndi chingwe cha fodya, iye anakaipititsa patsogolo, lero ndi telala ku Boma, ali ndi makina ake pakhonde la sitolo. Kumeneko ndiko anakumana ndi mnyamata wokonza njinga zamoto, wa kwa Zulu, wamanyazi, wa manja akuda ngati anga akale. Ndinamukonda tsiku loyamba, chifukwa anandipatsa moni atagwada ndipo anadya therere langa osayang'ana m'mbale kawiri. Za utenanti ankazidziwa, sizinkamuvuta. Vuto linali loti mnyamatayo analeredwa ndi azakhali ake, ndiwo anamuphunzitsa sukulu, ndipo sakanakwatira mowadumpha.

Anabwera awiri kudzafunsira: azakhaliwo ndi amalume ake a mnyamatayo. Amalume anali bambo wachete, mlimi wa mtedza, chipewa chili pabondo. Azakhali anali mayi wathupi labwino, magalasi ali pamphumi osati m'maso, wogulitsa zitenje za ku Chipata pamsika wa ku Boma. Ine ndinasesa bwalo mpaka nyerere kusowa podutsa, ndinazira pakhonde, ndinapha nkhuku yanga yoikira mazira.

Azakhali anandifunsa kuti kwanu n'kuti. Ndinati konkuno. Anati ayi, kwanu kwenikweni. Ndinati ku Phalombe. Anafunsa kuti ndinabwera bwanji kuno, ukwati kapena ntchito ya boma. Ndinati ndinabwera pa lole. Pamenepo anatembenuka, kundipatsa phewa pakhonde langa lomwe, n'kuuza amalume aja motsitsa:

"Alamu, ndimanena ine. Ndi matenanti."

Mlomo wam'munsi unagwa pang'ono. Maso anadutsa pamwamba pa duku langa.

Zotsatirazo sanalankhule ndi ine, analankhula ndi mlamu wawo, ine ndili pompo ngati mtondo. Ati chinkhoswe ndi cha anthu okhala ndi mudzi. Ati ana akayambana, tidzagogoda khomo la yani. Ati mtsikanayu akadwala, akamwalira m'manja mwathu, uthenga tidzaupereka kwa yani, kwa mwini esiteti kodi. Ati ngati kuli malume weniweni wamagazi ku Phalombe abwere timuone, apo ayi anawa angotengana, azikakhala, popanda tambala, popanda msoti, popanda mwambo, monga amachitira matenanti. Apa ndi apo ankaponyamo Chizungu ngati mchere, kuti ine ndisamve. Ndinamva. Munthu akamakuchepetsa sufuna womasulira.

Nkhuku yanga anadya. Anadya ntchafu zonse ziwiri. Ndinawathirira madzi m'manja nditagwada, mtima ukuwira ngati phula, pakamwa ndikuti zikomo mwatiyendera. Atapita ndinakalowa m'munda mwanga n'kulima mizere imene inali yolimalima kale, ndikuimba nyimbo yopanda mawu, mpaka mkwiyo utatsikira m'khasu.

Kungotengana! Mwana amene ndinamulera ndi ganyu, amene ndinamutafunira chinangwa, alowe m'banja ngati mbuzi yolowa m'khola la eni madzulo, yopanda woiperekeza. Mkazi wolowa chotero, tsiku lomwe mwamuna watopa naye amangomuikira chikwama panja, palibe woitana, palibe wofunsa. Ndinaziona pa esiteti, ndinaziona m'mudzi muno. Ndinalumbira kuti wanga ayi.

Mdzukulu wanga atamva anabwera Loweruka, maso ofiira. Anakhala pafupi nane, n'kuyamba kundikanda msana monga amachitira akafuna kanthu. Ati agogo, pamsika wathu uno pali bambo uja wogulitsa matemba, uja wa ku Phalombe, amalankhula ngati inu, imvi ali nazo. Ati timubwereke jekete, akhale mlongo wanu tsiku limodzi lokha, alandire tambala, nkhani ithe. Ati anthu ambiri amatero.

Ndinamufunsa kuti nanga achimwene a ku Ntcheu, amene anakwatitsa amako, amene anaika amako. Anati iwowo azakhali awakana, chifukwa nawonso ndi omwewo. Liwulo sanalitchule, analizungulira ngati matope. Ndinamuuza kuti alitchule. Anakana. Ndinati litchule, linakudyetsa, linakuveka yunifolomu. Pamenepo anaimirira, misozi mbwembwembwe.

"Agogo, inu munalizolowera. Ine landitsatira kuyambira sitandade wani. Ndatopa nalo. Ndikufuna tsiku limodzi lokha loti ndikhale munthu wa kwinakwake."

Ndinalizolowera, ine? Ndinamuuza kuti munthu sazolowera munga, amangophunzira kuponda chammbali. Ndinamuuza kuti malume wobwereka adzalandira tambala, adzadya, adzabweza jekete, ndipo tsiku limene iwe udzalire m'nyumba ya mwamuna, iye adzakhala akuyeza matemba pa mbale. Mwanayo anakwera kabaza osatsanzika. Masabata anadutsa, foni yanga ili duu pazenera. Ndinkaitenga, kuigwedeza, kupita nayo kotchaja ili yodzaza kale. Ndinayamba kuopa kuti ndi liuma langali nditaya ukwati wa mwana, n'kutayanso mwana yemwe.

Ndinapita wapansi kwa achimwene. Akalamba tsopano, msana wapindika, diso limodzi lachita mtambo, koma pakamwa m'pakuthwa ngati kale. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola. Ati ndiye kuti ine mwanayu wandichotsa ntchito, wandisinthanitsa ndi matemba, akanasankhako wa chambo. Alamu anga, akazi awo, anawakalipira kuti nkhani ya mwana si yoseka. Kenaka achimwene anandifunsa kuti kodi chaka chino kudya kwa polambula kuli kwa yani. Ndinati kwanga. Anandiyang'ana ndi diso lawo labwino lija, ine kuwayang'ana, ndipo tinamvana pompo.

Ndinatuma uthenga kwa akuchimuna kuti abwerenso, malume amupeza. Tsiku ndinatchula lomwelo lolambula manda. Ndinatumanso uthenga kwa mdzukulu wanga kuti asalephere.

M'mawa mwake tinapita kuseri kwa bulugamu. Soya wa mwini watsopano amafika pafupi penipeni, chaka chilichonse khasu la thirakitala limaluma pang'ono, ife timabwezera miyala m'malire. Tinalambula, tinazula zitsamba, tinaunjikira dothi pamitumbira yophwa. Ndinawauza amuna anga ndi mwana wanga kuti lero kuli mlandu wa mwana wanu, musagone kwambiri. Dzuwa lili pamutu tinabwerera kwanga, mzere wautali wa nkhalamba ndi ana awo ndi zidzukulu zawo, makasu pamapewa, fumbi mpaka m'nsidze. Pakhomo tinasamba m'manja ndi kumaso m'ndowa monga tichitira pochokera kumanda, n'kudzaza bwalo lonse, ena pansi pa mango, ena m'mbali mwa nkhokwe.

Alendo anafika pa njinga zamoto tili chomwecho. Azakhali anatsika atavala chitenje chonyezimira, anayang'ana makasu atatsamira khoma, anayang'ana mapazi athu, n'kufunsa mlamu wawo ngati afika pa chinkhoswe kapena pa ganyu. Ndinawayalira mphasa yatsopano. Ndisanatsegule pakamwa, kabaza wina anaima pamsewu. Anatsika mdzukulu wanga, ndipo kumbuyo kwake kunatsika bambo wa jekete yabuluu yaikulu mapewa, nsapato zopukuta, tsitsi lopesa.

Mwanayo anaiwala kuti ndi nyengo yolambula. Chilowereni ku Boma anasiya kubwera nawo. Ankaganiza kuti apeza ine ndekha ndi alendo awiri, andikakamize ndi maso, ine ndivomere chifukwa cha manyazi. M'malo mwake anapeza bwalo lodzaza ndi anthu amene amagula matemba kwa bamboyo msika uliwonse.

Bambo uja anayenda ngati akuponda minga, anagwada patsogolo panga, n'kunena m'kalankhulidwe ka kwathu kuti achemwali, ndafika, ulendo unali wautali. Mdzukulu wanga anandiyang'ana. Maso amenewo sindidzawaiwala, ankapempha ngati tsiku lija ankapempha bere kwa ine wopanda mkaka. Ndikanangoti fikani achimwene, bwalo lonse likanandithandiza kunama, ndikuwadziwa anthu anga. Liwu limodzi lokha, tambala akanabwera.

Ndinati: "Mwafika bwino, bambo. Nanga matemba mwasiya ndi yani lero?"

Mayi wina wa ku Thyolo anayamba kuseka m'chitenje, kuseka kuja kunayenda bwalo lonse ngati moto wa m'tchire. Bambo wa matemba anavula jekete, anaipinda bwinobwino, n'kunena kuti pepani amayi, ine ndinangomva chisoni ndi mwanayu, nanenso ndinabwera pa lole. Azakhali anaimirira, anakutumula chitenje.

"Mwaona, alamu? Ngakhale malume ndi wobwereka. Chitenanti chenicheni. Tiyeni."

Ndinati basi, ndaupha ukwati ndi pakamwa panga. Mwana anali ataphimba nkhope pafupi ndi nkhokwe. Koma mkwiyo umene ndinaukwirira m'mizere tsiku lija unadzuka, ndipo ndinaimirira pakati pa bwalo langa, pansi pa mango anga.

"Mayi, khalani pansi. Tsiku lija munadya nkhuku yanga mukulankhula ndi phewa. Lero mundiyang'ane kumaso. Inde ndine tenanti. Awa onse ndi matenanti, ana a matenanti, zidzukulu za matenanti. Fumbi mukuliona m'mapazi mwathuli ndi la kumanda kwathu, tachokera kolambula. Munafunsa kuti uthenga mudzapereka kwa yani. Funsaninso, ali pano oti ayankhe."

Sanakhale pansi, koma sanapitenso, chifukwa amalume aja sanasunthe. Amalumewo anangochotsa chipewa pabondo ili n'kuchiika pa linalo. Anafunsa mofatsa, osayang'ana ine, kuyang'ana bwalo, kuti kodi anawa akadzayambana, iwo adzapite kwa yani. Achimwene a ku Ntcheu anadzuka ndi ndodo yawo pang'onopang'ono, ati kwa ine, mudzi wakutiwakuti, nyumba yomaliza, galu wanga saluma koma mkazi wanga ndiye samalani. Anthu anaseka. Amalume anafunsa kuti nanga inu bambo mwakulatu, mukadzapita. Mwana wamwamuna wa achimwene, bambo wandevu wa ana akeake, anaimirira kumbuyo kwawo. Amalume anafunsa za matenda. Mayi wa ku Thyolo uja anati ndi ine ndinamudikirira amake mwanayu kuchipatala mpaka tsiku lomaliza, mphasa yanga yogonera pansi ikadalipo. Anafunsa za maliro. Amuna anangoyang'ana makasu awo kukhoma.

Azakhali anati zonsezo n'zabwino koma si magazi. Ndi pamene mdzukulu wanga anachoka pankhokwe paja. Anatenga beseni ndi jagi, anadutsa alendo, anakagwada kwa achimwene n'kuwasambitsa m'manja iwo poyamba. Atatha anatembenuka ali chigwadire.

"Azakhali, ndinakunamizani chifukwa ndinkaopa. Amayi anga agona kuseri kwa bulugamu, anawaika ndi agogo awa. Malume wina ndilibe. Ndine mdzukulu wa tenanti."

Analitchula. Analitchula mokweza, mlomo osagwa, ndipo m'kamwa mwake linamveka ngati mmene ndinkalitchulira ine pa lole paja, lisananunkhe.

Amalume anavala chipewa. Anauza mlamu wawo kuti iwo anatumidwa kudzaona khomo logogodapo, ndipo aona makomo ambiri kuposa a kwawo. Ati malume wa ku Phalombe, ngakhale akanakhalapo, akanamafika maliro atatha, pamene awa afika kale ndi makasu. Ati tambala abwera. Azakhali anatsitsa magalasi kuchoka pamphumi kuika m'maso, koyamba chiwaonereni, n'kunena kuti iwo asamba m'manja, zikadzavuta asadzaitanidwe. Chakudya anakana. Bambo wa matemba anadya gawo lawo.

Chinkhoswe chinachitika titakolola mtedza. Tambala anali wofiira, wamkulu, wolusa, anawajompha achimwene pachala pomulandira, iwo n'kunena kuti aona kale kuti mkamwini ndi wamakani. Ife tinapereka msoti woyera. Ine ndinavina, abale, ndinavina mpaka duku kugwa, mpaka bondo langa loipa kuiwala kuti ndi loipa. Ndinayambitsa nyimbo yanga imene ndinaipeka ndikusenda mtedza, amayi a m'chigafa chakale kuvomera ngati tikusokanso fodya:

Lole inatitula, lole inapita,
ife tinamera, tinamera pompano.

Musaganize kuti liwu lija linafa tsiku limenelo. Ndili pakati povina ndinalimva kumbuyo kwanga, mayi wina wa kuchimuna akuuza mnzake kuti matenanti akasangalala amachita kupitirira. Azakhali anabwera, anakhala pampando wapulasitiki, anafupa ndi nsonga za zala, kupepesa ayi. Mpaka lero tikakumana ku Boma amandipatsa moni wa pamwamba pa duku. Kumjigo ndikadali agogo atenanti. Ana amene amathyola mango anga akadatukwanana nalo, ndipo ndikawamva ndimatuluka ndi chikuni, kuwafunsa kuti fodya amene anagula malata a agogo anu anasoka ndani. Amathawa akuseka. Ine sindiseka. Liwu limeneli linakaniza mwamuna wanga dzenje, linatsala pang'ono kukaniza mdzukulu wanga ukwati, linachititsa mwana wolera ndekha kundibweretsera mlongo wabodza pakhomo. Sindinalikhululukire, ndipo amene amalitchula mlomo utagwa sindinawakhululukire, abusa anene zimene anganene.

Koma mvula yathayi kunachitika chinthu. Anawa anayambana. Mkamwini anagulitsa njinga yamoto imene ankati ndi ya banja osamuuza mkazi wake, mdzukulu wanga anakwiya, anatseka makina ake, anati saphika, salankhula, mpaka ankhoswe abwere. Amalume achete aja anali atagona m'chipatala ndi mwendo. Kuchimuna kunalibe wina woti ayende koma mmodzi.

Alamu anga, akazi a achimwene, ndiwo anandifotokozera, akupukuta misozi ya kuseka. Ati kunagwa mvula usiku wonse, njira ya kwawo inali phala lokhalokha, njinga yamoto inakana kulowa. Ati anangoona mayi wathupi labwino akubwera wapansi, nsapato m'manja, matope mpaka m'maondo, chitenje chonyezimira atachikwinya. Anadutsa nyumba zonse za eni mudzi mpaka yomaliza. Anaima pabwalo, anati odi. Achimwene anamva, koma ati khutu lawo tsiku limenelo linali lolemera. Anati odi kachiwiri. Kachitatu anawonjezera:

"Odi kuno, ankhoswe."

Achimwene anatuluka, anawapatsa mpando, anavala jekete yawoyawo yong'ambika m'thumba, anapita nawo ku Boma, ndipo mlandu anaukamba mpaka mkamwini anagwada. Banja lilipo, makina akulira, ndipo mdzukulu wanga ndi woyembekezera.

Alamu atamaliza kufotokoza ndinawauza kuti abwerezenso pa odi paja. Anabwereza. Ndinati kachikenanso. Kenaka ndinamanga chitenje m'chiuno n'kuvina pabwalo popanda ng'oma, anthu odutsa n'kumafunsana kuti kodi agogo atenanti apenga, adzukulu awo ayambana iwo akuvina. Ndinawasiya afunsane. Udzu wayamba kale kuuma, ndipo chaka chino mdzukulu wanga wanena kuti akubwera nawo kolambula, ngakhale azingokhala pamthunzi wa bulugamu ndi mimba yakeyo. Khasu lake ndamusungira, ndalinola kale.